Miyala ya M'zitsime za Bambo

9 Febuluwale

Achemwali,

Moni wa kuno kwanu. Kaya inu muli bwanji uko kozizirako? Ife tilipo, kungoti mvula ya chaka chino yatitola. Denga la chipinda chosokera likudontha pamwamba penipeni pa makina, ndiye ndikusoka nditatsekereza ambulera pakati pa phewa ndi khosi. Mlamu wanu akupereka moni.

Mudabwa kuti telala wayamba liti kulemba makalata foni ilipo. Chifukwa chake ndi bambo. Mukaimba amasangalala, koma mukangodula sipatha mphindi khumi asanandifunse kuti, "Kodi mlongo wako uja anatitaya?" Kalata ndiye amaigwira m'manja, amaipinda n'kuika m'thumba la malaya, ine n'kumawawerengera nthawi iliyonse imene afuna. Choncho muzilemba papepala. Zimene simukufuna kuti amve muzilemba pa tsamba lapadera, ndizichotsa ndisanawapatse.

Sindikufuna kukuopsezani, koma bambo akuiwala. Lachiwiri anavala nsapato zawo za ntchito, anatenga chingwe ndi ndowa, akuti akupita kukamaliza chitsime cha kusukulu. Chitsime chimenecho anachimaliza ine ndisanagule mano. Ndinakawapeza pamalo odikirira basi atakhala pa ndowa. Adokotala akuti matenda amenewa sabwerera m'mbuyo. Ena amawatenga mofulumira, ena pang'onopang'ono, ndipo palibe angadziwiretu.

Chimene sanaiwale ndi miyala yawo ya m'chipinda chakumbuyo. Ili momwe munaisiyira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Zitsime makumi anayi ndi chimodzi zimene anakumba moyo wawo wonse, chilichonse mzere wake pa thabwa, mwala umodzi pa mkono uliwonse umene anatsika, wapamwamba kumanzere, wa pamadzi kumanja. Palibe cholembedwa, poti mwini wake pensulo sanaigwirepo chibadwire. M'mawa uliwonse amalowamo, amatola mwala, amaunyambita n'kutchula mwini chitsime ndi dzina la galu wake lomwe. Akatuluka amakhoma, kiyi n'kuika m'thumba.

Tiuzeni za kumeneko. Buku lanu la kafukufuku lija lafika pati? Chaka chatha munati latsala pang'ono, chaka chinacho munatinso latsala pang'ono. Funso langa lenileni ndi limodzi, mubwera liti?

Ndine mlongo wanu,
Telala

3 Malichi

Bambo anga, ndi iwe mlongo wanga wowerenga,

Kalata ndalandira, ndakondwa. Ine ndili bwino, kungoti kuno dzuwa limatuluka mochita kukakamizidwa. Bambo, inu muli bwanji? Bondo lija likukuvutanibe?

Nthawi zonse mumafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Ndi yanu yomwe ija, kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimavala magolovesi. Tsiku lonse ndimakhala m'shedi yaitali yopanda mawindo, yodzaza mabokosi a miyala imene makina anaboola pansi. Miyalayo imatuluka yozungulira ngati makandulo akuluakulu, ndipo timaigoneka m'mabokosi motsatana, wapamwamba kumanzere, wapansi kumanja, monga mumachitira inu. Tsiku loyamba nditaona zimenezi ndinaseka ndekha. Kunyambita komwe amanyambita, aprofesa athunthu a ndevu zoyera.

Chimene ndikufufuza ndi kutentha kwa pansi. Dziko lino pachiyambi linali chiphalaphala chokhachokha, zaka mabiliyoni anayi ndi theka zapitazo. Pamwamba panauma n'kusanduka thanthwe, koma m'kati moto sunazime. Mulinso miyala ina imene imatulutsa kutentha yokha pamene ikutha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake munthu akaboola kilomita imodzi, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi makumi atatu. Moto umenewo ndi umene umakankha mayiko, kutukula mapiri ndi kung'amba zigwa. Ukuzirala ndithu, koma mochedwa kwambiri, mwina madigiri zana limodzi pa zaka biliyoni.

Tsono bambo, chitsime chanu cha kuseri kwa chigayo, chija madzi ake ankatuluka ofunda pa mikono makumi awiri, sichinayenera kufunda pamtunda chotero. Payenera kuti pansi pamenepo pali mng'alu waukulu umene ukukweza madzi a kuya kwambiri. Munkanena inu zimenezi anthu n'kumakusekani kuti mwapsa ndi dzuwa.

Tsamba ili ndi la iwe wekha.

Za kuiwalazo usade nazo nkhawa kwambiri. Munthu wa msinkhu wawo ndi mmene amakhalira, ine ndemwe makiyi ndimaiwala kawiri pa sabata. Vuto langa ndi chiphaso chokhalira kuno. Chakale chikutha, ndapempha chatsopano, ndipo ndikatuluka chisanabwere akhoza kundikaniza kulowanso. Akuti pofika Juni chituluka, ndiye ndibwera mu Julayi.

Aprofesa nditawauza za miyala ya bambo anaimirira pampando. Dera lathu lonse palibe amene anayezapo. Zitsime zimenezo ndi mapu okhawo amene angasonyeze kumene mng'aluwo ukudutsa, ndipo ndiwo mutu womaliza wa buku langa. Ndidzakhala ndi bambo m'chipindamo, iwo akutchula ine ndikulemba. Usalole kuti mwala ngakhale umodzi utayike.

Ndine mwana wanu, ndi mlongo wako

30 Malichi

Achemwali,

Moni. Tilipo. Denga ndamata ndi phula, tiona ngati ligwire. Kalata yanu ndaiwerenga kasanu ndi kawiri, mwakuti mayeso a aprofesa anuwo ndikhoza kukalemba ine.

Nditafika pa nkhani ya dziko kuzirala bambo anakweza dzanja.

"Tabwereza pa madigiripo."

Ndinabwereza.

"Zana limodzi pa zaka zingati?"

"Biliyoni, bambo."

"Ndi zambiri zimenezo?"

"Zambiri zedi."

"Ndiye akulondera chiyani kumeneko? Umuuze kuti mphika wakewo suzizira lero. Abwere adzandione, akaupeza ukadali wofunda."

Tinaseka tonse, mlamu wanu mpaka kutsamwa ndi madzi. Za chitsime cha kuseri kwa chigayo ndiye anakondwa ngati awapatsa mendulo. Anandikokera kuchipinda chakumbuyo, chinthu chimene sachitachita, n'kunditolera mwala wobiriwira wa pa mkono wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Akuti kuyambira pamenepo thanthwe linkafunda kumapazi ngati msana wa ng'ombe. Ndinati ndiugwire, anandimenya padzanja. Anaubwezera pamalo pake penipeni, pamene fumbi linasiya chizindikiro.

Tsopano za makiyi anu. Inu mukaiwala makiyi mumadziwa kuti chimene mwaiwala ndi makiyi. Bambo Loweruka anagwira supuni, anaitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti ichi amachitira chiyani. Masiku ano ndimasoka chitseko cha kumsewu chili chokhoma, chifukwa ndikangowerama kudula nsalu iwo atuluka kale. Makasitomala akamaona chitseko chotseka amangodutsa, amayesa ndinasamuka. Mlamu wanu ndi amene amawasambitsa ndi kuwaveka. Sindikudandaula ayi, ndikungofuna mudziwe mmene nyumba ikuyendera.

Julayi ndi kutali, koma tidikira. Mutiuze tsiku lenileni.

Telala

12 Meyi

Mlongo wanga,

Moni kwa nonse. Pepa kuchedwa kuyankha, makina athu odulira miyala anafa ndiye ntchito ya milungu itatu inaunjikana. Nkhani ya supuni ija sinandichoke m'mutu.

Tikiti ndagula. Ndifika pa 16 Julayi ndi basi ya masana. Chiphaso akuti chili m'njira. Za malo ogona musavutike, ndidzagona m'chipinda chakumbuyo momwemo pamodzi ndi miyala, mungoponyamo matiresi. Uwauze bambo tsikuli. Mlamu wanga amene sindinamuonepo ndi maso umuthokoze m'malo mwanga.

Mlongo wako

20 Juni

Alamu anga,

Ndine mkazi wa mlongo wanu. Pepani zolemba zanga n'zokhotakhota, sukulu ndinalekezera panjira. Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino pang'ono. Apongozi agonekedwa m'chipatala masiku atatu chifukwa cha chifuwa, koma mtima ukhale m'malo, akutuluka mawa. Amuna anga ndi amene akuwadikirira kumeneko.

Ine nditatsala ndekha ndinati mpata ndi uno. Zaka zitatu ndili pabanja pano chipinda chakumbuyo sindinapondemo, apongozi salola. Koma popita kuchipatala kiyi inatsala m'thalauzi limene ndimati ndichape. Nditatsegula, alamu, ndinagwira pakamwa. Fumbi, akangaude, zonyansa za makoswe mpaka pamatabwa. Ndinadzifunsa kuti munthu wophunzira ngati inu, wochokera kutali, agone muno? Anthu adzati mlamu wake ndi wauve wotani.

Ndiye ndagwira ntchito masiku awiri osapuma. Miyala yanu yonse ndaitsitsa, ndaitsuka ndi sopo ndi burashi umodziumodzi. Amuna anga anandiuza kuti munati usatayike ngakhale umodzi, ndipo palibe wotayika, ngakhale tating'ono tomwe ndatola. Ndaisanja bwinobwino. Yoyera ili m'beseni lake, yofiira m'beseni lake, yakuda m'mabeseni awiri poti ndi yambiri. Yonyezimira ndaiika pazenera chifukwa ndi yokongola, dzuwa likawomba muiona. Matabwa ndawakwecha, atatu ndakukonzerani kuti muziikapo zovala. Ndasokanso katani yabuluu ndi nsalu yotsala ya mayunifomu.

Zala zachita matuza koma mtima wanga uli mbee. Amuna anga sindinawauze, ndikufuna adzangoona okha. Kalatayi ndikuithamangitsa lero lomwe kuti mudziwe kuti kuno mukudikiridwa ndi manja awiri. Mundiuze ngati mumagona ndi bulangeti limodzi kapena awiri.

Ndine mlamu wanu

2 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Kalata iyi yonse ndi ya iwe wekha.

Ndalandira kalata ya mkazi wako. Ndinaiwerengera m'shedi, ndipo ndinangopezeka ndakhala pansi pa simenti. Mwala wochotsedwa pamalo pake ndi mwala chabe, wogendera galu. Chimene chinali pa matabwa aja ndi dongosolo, kuti uwu ndi wa chitsime chiti, mkono wachingati. Zaka makumi anayi za bambo zili m'mabeseni anayi, zosanjidwa potengera kukongola. Amati safunsa adadya phula, koma phula limeneli ndadya ndine. Iweyo unakulira m'nyumba imeneyo. Zaka zitatu zonse sunamuuzepo chifukwa chimene chitseko chija chimakhalira chokhoma?

Chiphaso sichinabwerebe. Ndinali nditatsimikiza kuti ndibwera basi, zivute zitani, chifukwa ndikanabwerera ndi mutu womaliza m'manja ndipo aprofesa akanandimenyera nkhondo kuti ndilowe. Tsopano ndiike pachiswe zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha chiyani? Tikiti ndaisuntha. Ndiyenera kupeza china cholemba m'malo mwa mutu umenewo, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati.

Bambo uwauze kuti ntchito yandigwira.

Mlongo wako

19 Julayi

Achemwali,

Moni. Mwafunsa kuti muike zaka zanu pachiswe chifukwa cha chiyani. Funso limenelo ndaliwerenga kambirimbiri. Yankho lake lili pakhonde pano, lakhala pampando, likutsokomola.

Kalata yanu inafika pa 15. Ndinawauza bambo tsiku lomwelo kuti simubwera. Pa 16 anadzuka okha, anavala jekete la pa ukwati wanga ndi tayi, n'kukakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Zinthu zonse amaiwala, koma tsiku limenelo linakakamira m'mutu, poti kuyambira Meyi ndinkawawerengera m'mawa uliwonse. Ndinawauza kanayi kuti ntchito yakugwirani, ndipo kanayi konse anamva ngati koyamba, nkhope n'kugwa. Kachisanu ndinangoti basi yachedwa. Basi ya masana itaima anaimirira n'kukonza tayi. Munatsika mayi wina ndi nkhuku.

Mlamu wanu ndinamuuza chimene wachita tsiku limene bambo anatuluka m'chipatala. Anangoyang'ana zala zake. Kuyambira pamenepo chakudya akungotola, ndipo kawiri konse wandipempha kuti ndimuperekeze kwawo. Kalata yanu sindinamuonetse. Ameneyu ndi munthu amene amapukuta bambo anu akadziipitsira, osakwinya nkhope. Ngati mukufuna wolakwa, ndine. Ndinkaona ngati aliyense amadziwa za matabwa aja, monga mmene inunso munkaonera ngati aliyense amadziwa. Madzi akatayika sawoleka.

Bambo chipindacho sanalowemo. Ndagula loko wina, ndawanamiza kuti kiyi inasowa kuchipatala. M'mawa uliwonse amakaima pachitseko n'kumasisita m'matumba. Ndikuopa chimene chingachitike akadzaona mabeseni aja.

Musayese ndapsa mtima. Kupsa mtima kumafuna mphamvu, ine ndilibe. Ndangotopa, achemwali, ndatopa mpaka m'mafupa. Mukapeza mpata mulembe tsamba limodzi la bambo, ngakhale mizere itatu.

Telala

5 Okutobala

Achemwali,

Moni. Muli moyo kodi? Miyezi iwiri ndi theka popanda kalata, foni nayo imangoitana. Phukusi lija linafika, juzi ndi mavitamini, zikomo. Juzi yawakwana. Pepala munaiwala kuikamo, anafunafuna mpaka m'manja mwa juzi.

Ndili ndi nkhani ziwiri.

Yoyamba. Mwezi watha ine ndili kogula nsalu bambo anathyola loko ndi tchizulo. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa mabeseni. Ndinkayembekeza misozi kapena ndodo. Iwo anangofunsa kuti, "Wasokoneza ntchito ndani?" Sanadikire yankho, anayamba kutola n'kumanyambita. Pofika madzulo anali atayala mzere wa miyala khumi ndi inayi, akuti ndi chitsime cha kwa mzamba. Ndinapita kwa mwana wa mzambayo, tinatsitsa chingwe, ndipo ndi mikono khumi ndi inayi ndendende. Mutu ukutha koma lilime ndi zala zikukumbukira. Ndinalemba manambala ndi choko changa chosokera. Vuto n'lakuti amagwira pokhapokha wina akakhala nawo tsiku lonse n'kumawafunsa mafunso oyenera. Ine ndikafunsa amakwiya, akuti ndili ndi maso a nsalu. Komanso ndili ndi mayunifomu a sukulu yathunthu pa makina. Mwezi wonse tamaliza zitsime zitatu basi.

Yachiwiri. Masiku ambiri sakundidziwanso. Amanditcha a telala, amandipatsa ulemu wonse, n'kundifunsa ngati ndimalandira mathalauzi ofupikitsa. Mlamu wanu amamutcha anesi. Tsiku loyamba ndinakadzitsekera kubafa. Tsopano ndazolowera, thalauzi lawo lakuda ndalifupikitsa kale kawiri. Inu nokha ndi amene akukutchulanibe, mwina chifukwa kulibe, palibe nkhope yowasokoneza. Sindikudziwa kuti zimenezi zikhala mpaka liti.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, achemwali. Ngati simungabwerere iwo, bwererani miyala. Ine pano sindikusankhanso.

Telala

24 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe. Tsamba lachiwiri ndi la bambo, lachitatu umupatse mlamu wanga, ndi lopepesa, usaliwerenge.

Chiphaso chinabwera mu Ogasiti. Sindinakuuze. Ndinachiika m'kabati n'kumapita kushedi tsiku lililonse ngati palibe chachitika, chifukwa ndinkachita manyazi ndi kalata ija. Ndinkayamba kulemba n'kung'amba, foni ikaitana n'kumangoiyang'ana. Ntchito yanganso yandizoloweretsa zoipa. Kuno chinthu cha zaka miliyoni timati ndi cha posachedwa, ndiye miyezi iwiri sindinaione kudutsa. Si chifukwa chomveka, koma china ndilibe.

Chatsala chimodzi, ndipo ndikudziwa mmene chimvekere kwa iwe. Makina oyezera msinkhu wa miyala alipo amodzi okha. Pamzere ndadikira chaka ndi miyezi iwiri, ndipo nthawi yanga ndi Novembala yense. Ndikaisiya ndiye kuti chaka china. Ndifika pa 8 Disembala, tikiti yake ndi yosasunthika. Ndikafika iwe ndi mlamu mupite kwa amayi ake mukapume milungu iwiri, bambo ndikhala nawo ine.

Tsikuli usawauze, angavalenso jekete.

Mlongo wako

22 Disembala

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa mlamu ndi kwa apongozi ako. Mukupuma ndithu, kapena wapeza kale makina obwereka? Kuno tili bwino. Bambo akudya, mankhwala akumwa. Makasitomala ako awiri ndawauza kuti abwere mu Januwale.

Unaona wekha mmene anandilandirira tsiku lofika, ndi manja awiri, n'kuti, "Takulandirani mayi, mwabwera za chitsime?" Iwe unati ndiwapatse masiku, mwina atopa. Ndawapatsa masiku khumi ndi anayi. Ndawaonetsa chipsera cha pabondo chimene anandimanga okha ndi malaya awo nditagwera m'dzenje. Ndawawerengera makalata anga omwe, ndi mawu anga. Lachisanu ndinagwada pambali pa mpando n'kunena kuti, "Bambo, ndine mwana wanu." Anaseka mwaulemu.

"Ayi mayi, wanga ali kunja. Ndi wamng'ono kwa inu, alibe imvi."

Kuyambira pamenepo ndine mayi a ku boma oyeza madzi, ndipo ndasiya kutsutsa chifukwa ndikatsutsa amasowa mtendere.

Ntchito ndiye yayenda. Timayamba m'mawa tikangomwa tiyi. Ndimawapatsa mwala, amaunyambita, amaugubuduza patsaya, n'kunena kuti, "Uwu ndi wa kusukulu, mkono wachisanu ndi chinayi, tsiku limenelo chingwe chinaduka." Ine n'kulemba nambala ndi inki. Ndikafunsa funso labwino amandiyang'ana n'kuti, "Inu mayi, anakuphunzitsani ndani?" Ndimati mkulu wina wokumba zitsime. Mlamu umuuze kuti sopo wake wathandiza, miyala yotsuka ikuonetsa timizere timene fumbi linkabisa. Katani yake ndi yabwino, ndipo ndimagona ndi bulangeti limodzi.

Dzulo tinamaliza. Zitsime makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu n'zathunthu, zitatu zokha n'zokayikitsa. Nditaziika pa mapu, zofunda zonse zisanu ndi chimodzi zili pamzere umodzi wowongoka, kuchokera kuchigayo mpaka kuseri kwa njanji. Mng'alu uja ulipo. Buku langa latha, mlongo wanga, chimene ndinkafuna ndachipeza chonse. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira kuti asandione.

Lero m'mawa atayang'ana matabwa onse ali odzaza anandifunsa ngati ndimadziwa kulemba kalata. Ndinati ndimayesako. Anati nditenge pepala labwino, osati la m'kope. Ndikukopera pano monga mmene ananenera.

"Mwana wanga, moni. Ine ndili bwino, usamvere za anthu. Miyala yako inasokonekera, koma usadandaule. Kunabwera mayi wina waulemu amene wandithandiza, yonse ili m'malo mwake tsopano. Mayiyu ntchito amaidziwa, kungoti amalira akaona ngati sindikumuona, mwina kwawo kuli mavuto. Ndiye palibenso chokuchedwetsa. Pobwera usanyamule kanthu, ungobwera. Ngati ntchito yachuluka maliza kaye, ine ndilipo. Koma usachedwe kwambiri, chifukwa mutu wanga masiku ano ukudontha, ndipo ndikufuna udzandipeze ndikadakudziwa. Ndine bambo wako."

Anadinda chala ndi inki yanga yolembera miyala. Ndinati ndiwatumizira ine, anakana. Akuti kalata imeneyi sangapatse munthu wachilendo, akufuna akaiponye okha m'bokosi. Adiresi ndalemba kale paenvelopu. Nsapato zawo ndapukuta. Mawa m'mawa tipita limodzi ku positi.

Ndine mlongo wako